Uyu, Ili Kapena Ichi? Umunthu wa Maloboti m'Maseŵero a pa Wailesi Yakanema

1.0 Mau Oyamba

Cholinga cha pepala lino ndicho kupenda maseŵero angapo a pa wailesi yakanema, a mtundu uja wa nthano zopeka za sayansi, amene amafunsa ngati makina opangidwa m'chifanizo cha munthu angakhale ozindikira ndiponso oyenera kupatsidwa ufulu. Popenda tidzagwiritsa ntchito zida za maphunziro a ziyankhulo, ndipo tidzaima pamalo amodzi, m'boma la Nkhata Bay, m'midzi ya ku Kande, Chintheche, Mpamba ndi Usisya. Tasankha dera limeneli pa zifukwa ziŵiri.

Chifukwa choyamba n'chakuti maseŵero akunja safika kuno ali okha. Dziko la Malaŵi linalibe nyumba yakeyake ya wailesi yakanema kufikira chaka cha 1999, ndipo anthu a m'midzi anazoloŵera kuonera mafilimu m'tinyumba ta vidiyo ta pamsika, kenaka pa mafoni. Mafilimu ambiri otchuka m'malo otere amabwera atathiridwa kale mau a womasulira, amene amayankhula Chicheŵa pamwamba pa mau a oseŵera. Chotero Mtonga wa ku Kande amalandira nkhani yolembedwa ku Los Angeles kapena ku London kupyolera pakamwa pa mnyamata amene wasankha kale, m'chiganizo chilichonse, gulu limene dzina la woseŵera aliyense liloŵe. Chitonga nacho chili ndi magulu a maina onga a Chicheŵa (munthu, ŵanthu, chinthu, vinthu), kotero kuti womvera amazindikira msanga kulemera kwa kusankhako.

Chifukwa chachiŵiri n'chakuti dera lino lili ndi mbiri yaitali ya anthu otengedwa kukagwirira ena ntchito kutali ndi kwao. Mfundo yathu ndi imodzi: olemba maseŵeroŵa amaika funso m'mutu mwa loboti, koma Chicheŵa chimalisamutsira pakati pa loboti ndi mwini wake, pamene nkhani imakhala yakuti ndani amalamula ndipo ndani ali ndi mphamvu yokana.

2.0 Chiyambi cha Liu Lakuti Loboti

Liu limeneli linatchuka ndi seŵero la R.U.R. la Karel Čapek, lofalitsidwa mu 1920 ndi kuonetsedwa ku Prague mu 1921. Tsinde lake ndi robota, limene m'chiyankhulo cha Czech limatanthauza ntchito yokakamiza imene alimi osauka ankagwirira eni minda. M'seŵeromo zolengedwa zofanana ndi anthu zimapangidwa m'fakitale kuti zizigwira ntchito mosalipidwa, ndipo potsiriza zimaukira ozipanga.

M'Chicheŵa liuli linaloŵa choyamba ndi tanthauzo lina. Maloboti ndi nyali zija zoongolera magalimoto pamphambano, monga momwe amazitchulira ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Koma tikafuna liu lathu lofanana ndi robota, sitisoŵa: ndi thangata. Kuthangata kunali kuthandiza mnzako, ndipo anthu ankathangatana pa dima kapena pomanga nyumba. Eni minda achizungu a ku mapiri a Shire anatenga liu lomweli nalisandutsa dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhalapo, nkhanza imene inali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. J. A. K. Kandaŵire analemba buku lathunthu mu 1979 pa kusinthika kwa tanthauzoku. Kwa ife a ziyankhulo, chimene chinatayika ndi mphatikiri -an-, uja wosonyeza kuchitirana. Kuthangatana kutachotsedwa -an- kunatsala thangata. Oŵerenga asunge mphatikiri ameneyu, pakuti tidzakumana naye kutsogoloku.

3.0 Mlandu wa Data

Seŵero limene linaika funsoli poyera koposa ena ndi gawo la Star Trek: The Next Generation lotchedwa The Measure of a Man, lolembedwa ndi Melinda Snodgrass ndi kuonetsedwa mu February 1989. Data, loboti wopangidwa ndi Noonien Soong, ndi msilikali wa udindo m'chombo cha m'mlengalenga. Katswiri wina, Bruce Maddox, afuna kumuphwasula kuti aphunzire kapangidwe kake ndi kupanga ena ambiri. Data aona kuti njirayo ingafafanize zimene amakumbukira, nasankha kusiya ntchito. Maddox ayankha kuti katundu satula pansi udindo. Nkhani ipita kubwalo, pamaso pa woweruza Phillipa Louvois. Picard aimira Data, pamene Riker, bwenzi la Data, akakamizidwa kuimira mbali inayo, ndipo pofuna kutsimikiza kuti Data ndi makina amuchotsa mkono ndi kumuzimitsa pamaso pa bwalo.

M'Chingerezi mkangano wonsewu wapachikidwa pa mloŵam'malo mmodzi. Maddox amatchula Data ndi mloŵam'malo wa zinthu kuyambira pachiyambi, ndipo pamapeto penipeni agwiritsa ntchito wa munthu, chimene woweruza achizindikira nachitchula. Womasulira wa Chicheŵa ali ndi ntchito yokulirapo, chifukwa mgwirizanitsi amaonekera pa mneni aliyense, pa mfotokozi ndi pa mau oloza. Taonani ziganizo izi:

(1) a. Loboti uyu wakana kugwira ntchito.
b. Loboti ili lakana kugwira ntchito.
c. Loboti iyi yakana kugwira ntchito.
d. Chiloboti ichi chakana kugwira ntchito.
e. Kaloboti aka kakana kugwira ntchito.

Dzina lobwereka lingakhazikike m'magulu osiyanasiyana, ndipo malamulo a chiyankhulo amalola zonse zisanu. Komabe sizinena chinthu chimodzi. Chiganizo (1a) chimamveka ngati dandaulo la kapitao pa wantchito wamwano. Ziganizo (1b) ndi (1c) zimamveka ngati za injini ya boti imene yakana kulira m'maŵa. Mu (1d) muli mantha kapena kunyansidwa, mu (1e) muli chipongwe kapena chisoni. Womasulira amene wapatsa Maddox chi- ndi kupatsa Picard u- ndi a- wagaŵa kale mbali za mlandu woweruza asanakhale pansi.

Chodabwitsa n'chakuti pochulukitsa kusiyanaku kumazimirira. Agwirizanitsi a gulu la Li-Ma pochuluka ndi ofanana ndi a gulu la Mu-A:

(2) a. Anthu aŵa akana onse.
b. Maloboti aŵa akana onse.

Khamu la maloboti limayankhulidwa ngati khamu la anthu. Izi zikugwirizana mwangozi ndi pachimake pa seŵero lija, pamene Guinan, woseŵeredwa ndi Whoopi Goldberg, akumbutsa Picard kuti nkhani siili pa Data mmodzi: akapangidwa ambirimbiri oti azigwira ntchito zoopsa ndi zonyansa popanda wowafunsa, ndiye kuti ukapolo wabwerera.

4.0 Pamene Magulu a Maina Amatinyenga

M'masukulu timaphunzitsa kuti gulu la Mu-A ndi la anthu ndipo la Chi-Zi ndi la zinthu. Chiphunzitsochi n'chothandiza ana, koma sichipirira umboni. Kuyambira pa galamala ya Mark Hanna Watkins ya 1937 kufikira pa ntchito za Sam Mchombo, ofufuza aona kuti gulu la dzina silitsata tanthauzo nthaŵi zonse. Mfumu ndi munthu wolemekezeka koposa m'mudzi, koma timati mfumu yabwera, monga momwe timanenera kuti mbuzi yabwera. Khanda timati lagona. Pamene galu, fodya ndi katundu zimatenga agwirizanitsi a munthu:

(3) a. Mwana uyu ndi wanga.
b. Kapolo uyu ndi wanga.
c. Katundu uyu ndi wanga.

Funso la bwalo lija linali lakuti kodi Data ndi munthu kapena katundu, ndipo pano tikuona kuti maina aŵiriŵa amayenda ndi mgwirizanitsi mmodzi. Kapolo sanachotsedwepo m'gulu la Mu-A, komabe anagulitsidwa pa doko la Nkhotakota m'masiku a Jumbe. Mgwirizanitsi sanaombolepo munthu.

Malire enieni a umunthu m'Chicheŵa ali pena. Ali m'mau ofunsira: galu ali m'gulu limodzi ndi mlendo, koma pakhomo pakamveka phokoso timafunsa kuti ndani tikayembekeza mlendo, ndipo chiyani tikayembekeza galu. Ali m'kuchulukitsa kwaulemu, pakuti a Data abwera ndi chiganizo chimene chapereka kale mpando kwa wobwerayo. Ali makamaka m'aneni a imfa:

(4) a. Wailesi yaonongeka.
b. Wailesi yafa. Galu wafa. Munthu wafa.
c. Agogo amwalira.
d. *Wailesi yamwalira.

Mneni kufa ndi wa onse, makina omwe. Kumwalira ndi kwa yekhayo amene adzaliridwa. Riker atazimitsa Data, womasulira ayenera kusankha pakati pa wachizimitsa, wamukomola ndi wamupha, ndipo aliyense wa aneni atatuŵa ali ndi mlandu wa kukula kwakekwake.

Liu lina lofunika ndi mwini. Limatanthauza wokhala ndi chinthu, monga mwini ngalaŵa. Limatanthauzanso wosamalira ndi woyankha mlandu, monga mwini mbumba, amene sangagulitse alongo ake koma amaima pabwalo m'malo mwao. Ndipo limatanthauza munthu payekha, monga tikati iye mwini wanena. Chigamulo cha Louvois chingafotokozedwe ndi liu limodzili. Iye avomera kuti sangathe kunena ngati Data ali ndi mzimu, nagamula kuti Data ali ndi ufulu wosankha. Ndiye kuti mwini wa Data ndi Data mwini. Mphamvu ya seŵeroli ili pakuti bwalo silinadikire kuti limalize funso la kuzindikira lisanateteze woimbidwa mlandu.

5.0 Mneni Kumva

Maddox apereka miyeso itatu ya cholengedwa choyenera ufulu: nzeru, kudzidziŵa, ndi chachitatu chimene Chicheŵa chilibe dzina limodzi lochitchulira. Tili ndi maganizo, mtima, moyo, mzimu, chikumbumtima, kuzindikira, kutsitsimuka, ndipo lililonse limagwira mbali chabe. Loyandikira koposa, m'kuona kwathu, ndi mneni kumva, amene ali ndi matanthauzo anayi:

(5) a. Ndamva kulira kwa ng'oma.
b. Ndamva zimene mukutanthauza.
c. Ndikumva kuŵaŵa.
d. Mwana uyu ndi womva. Uyo ndi wosamva.

Loboti amapangidwira tanthauzo lachinayi, kumva kwa kumvera. Funso la maseŵero onseŵa lili pa tanthauzo lachitatu. Ndipo pafupifupi m'seŵero lililonse, eni ake amayamba kukhulupirira kuti loboti akumva monga mu (5c) tsiku limene wasiya kumva monga mu (5d).

Mu Humans, seŵero la ku Britain la 2015 mpaka 2018 lochokera ku seŵero la ku Sweden la Äkta människor la 2012, Joe Hawkins agula Anita kuti azichapa, kuphika ndi kulera ana. Niska, mnzake wa Anita, atsekeredwa m'nyumba ya uhule, ndipo anthu amuŵerengera pokhapokha atapha mwamuna wina nathaŵa, kenaka nabwerera kudzapempha kuti azengedwe mlandu ngati munthu. Mu Westworld, la 2016 mpaka 2022, maloboti a m'paki yosangalalira amaphedwa ndi kugwiriridwa ndi alendo olemera, nakonzedwa usiku ndi kufafanizidwa zokumbukira, kufikira pamene Dolores ndi Maeve ayamba kukumbukira ndi kugalukira. Mu Battlestar Galactica, la 2004 mpaka 2009, anthu amatcha adani ao, ma Cylon, ndi dzina la kachipangizo kootchera buledi, ndipo dzinalo limagwira ntchito yomwe ija ya chi- ndi ka- mu (1d) ndi (1e): limapeputsa dzanja la wozunza.

Woonera wa m'dera lino safuna womuphunzitsa zimenezi. M'zaka za m'ma 1870 Atonga amene anali pansi pa Angoni a M'mbelwa anathaŵa nabwerera kunyanja, namanga malinga ku Chintheche ndi ku Bandawe. Mishoni itakhazikika pa Bandawe mu 1881, ana a malinga aja anaphunzira kuŵerenga, nayamba ulendo wa ntchito: kunyamula mitolo ya African Lakes Company, kenaka migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg. Kumigodi munthu ankadziŵika ndi nambala, ndipo ntchito ya mgwirizano wokakamiza inali ndi dzina lake, chibalo. Ena sanabwerere, nakhala matchona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalaŵi 74 obwerera kwao, ndipo boma la Malaŵi linaimitsa kulemba anthu a kumigodi pa nthaŵi imene oposa 100,000 anali kumeneko.

M'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, munabadwa Clements Kadalie, amene mu 1919 anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town natsogolera sitiraka ya padoko chaka chomwecho. Zilembo zitatuzo zikatchulidwa m'Chingerezi zimamveka ngati kunena kuti ndikukuona, ndipo antchito ankazimasulira motero polozera mabwana ao. Palibe bwana amene anakayika kuti wonyamula matumba padoko amamva kuŵaŵa. Chimene sanafune kumva n'chakuti wonyamulayo angakane. Maseŵero amene tikupendaŵa amakhala amphamvu akamayenda m'njira imeneyi, ndipo amafooka akaisiya. Mu Humans kuzindikira kumasanduka ndondomeko ya kompyuta imene mtsikana aitumiza pa intaneti, maloboti onse nadzuka nthaŵi imodzi, ngati kuyatsa nyali za usipa. Mu Westworld muli cholakwa chokulirapo: Robert Ford, mmodzi mwa opanga pakiyo, aphunzitsa kuti kuzunzika ndiko kumabala kuzindikira, ndipo seŵerolo limaonetsa nkhanzazo mobwerezabwereza mokomera maso. Chiphunzitso chakuti chikoti chimaumba munthu anthu a kuno anachimva kale kwa akapitao.

6.0 Zotsutsa

Wina angafunse ngati kukana kuli umboni wokwanira. Yankho labwino koposa likuchokera m'seŵero lina, gawo la Black Mirror lotchedwa Be Right Back, lolembedwa ndi Charlie Brooker ndi kuonetsedwa mu 2013. Ash amwalira pa ngozi, ndipo Martha agula loboti woumbidwa kuchokera ku mau ndi zithunzi zimene malemuyo anasiya pa intaneti. Lobotiyo amayankhula ngati Ash, koma amamvera zonse. Martha apita naye pamwamba pa phompho namulamula kuti adumphe, ndipo iye avomera. Martha akwiya, nanena kuti Ash weniweni akanalira ndi kukana, ndipo pomwepo lobotiyo ayamba kulira ndi kukana. Kukanako n'kumvera lamulo latsopano. Seŵero limeneli ndi loona mtima koposa onse, pakuti silipatsa woonera chitonthozo: Martha satha kumuononga, sathanso kukhala naye, namusunga m'chipinda cha kudenga. Tinganene kuti maliro a Ash sanathe, pakuti wosiyidwa waletsedwa kumeta.

Chotsutsa chachiŵiri chili pa luso la kanema lenilenilo. Data ndi Brent Spiner, Anita ndi Gemma Chan. Woonera amaona nkhope ya munthu, maso a munthu ndi mpweya wa munthu, ndipo chifundo chake chagulidwa mlandu usanayambe. Makina amene alipo lero ndi osiyana. Alan Turing mu 1950 anaika muyeso pa kukambirana, ndipo John Searle mu 1980 anayankha kuti kusanja zizindikiro molondola sikutanthauza kumva tanthauzo lake. Mu 2022 injiniya wa Google, Blake Lemoine, analengeza kuti pulogalamu yoyankhula ya LaMDA ndi yozindikira chifukwa inanena kuti imaopa kuzimitsidwa, ndipo kampaniyo inatsutsa nimuchotsa ntchito. Wophunzira chiyankhulo ayenera kuchenjeza apa. Mgwirizanitsi ndi- wa mu ndikumva kuŵaŵa amapezeka kwa aliyense wodziŵa malamulo a mneni. Kalulu wa m'nthano amamugwiritsa ntchito, chimodzimodzinso woseŵera pabwalo. Monga momwe u- wa katundu uyu sasandutsa mtolo kukhala munthu, ndi- yekha sangatsimikize kuti kumbuyo kwa mau kuli womva.

7.0 Ndondocha ndi Umunthu wa Mwini

Nthano za kwathu zili ndi cholengedwa chofanana kwambiri ndi loboti wa m'maseŵeroŵa. Anthu amasimba za ndondocha: munthu amene abale ake amayesa kuti anamwalira, koma wokhwima anamutenga, namudula lilime, namubisa kuti azimugwirira ntchito usiku ndi kumuchulukitsira chuma. Tikutchula izi monga nthano, podziŵa kuti kunenera munthu ufiti ndi mlandu m'malamulo a dziko lino kuyambira 1911 ndiponso kuti kwaphetsa okalamba osalakwa. Jean ndi John Comaroff anaona nthano zonga izi ku South Africa nazigwirizanitsa ndi mantha a anthu pa chuma chopezeka popanda thukuta looneka. Chofunika kwa ife ndi kamangidwe ka nthanoyo. Ndondocha ili ndi thupi la munthu, imagwira ntchito yosalipidwa, ndipo chiŵalo chimene yachotsedwa ndicho chokanira. Koma osimba satha nthaŵi pofunsa ngati ndondocha imazindikira. Mlandu wonse umagwera mwini wake.

Izi zikugwirizana ndi kagwiritsidwe ntchito ka liu lakuti munthu. Tikati uja si munthu, sitinena za thupi lake, tikunena za khalidwe. Umunthu umakula, ndipo umatha kutayika. Khanda lomwalira lisanatuluke m'chikuta, m'miyambo yambiri ya kuno, limaikidwa ndi amai okha popanda maliro aakulu, chifukwa silinaloŵe m'gulu. Mwambi umati kali kokha n'kanyama, tili aŵiri n'tianthu. J. van Velsen, m'buku lake la 1964 lonena za Atonga a m'mbali mwa nyanja, anasonyeza kuti malo a munthu m'mudzi amadalira ubale umene anthu amaukambirana, kuutsutsana ndi kuukonzanso. Tikaonera Westworld ndi maso ameneŵa, amene umunthu wake uli pa mlandu ndi mlendo wolipira ndalama kuti akaphe chinthu cholira ngati munthu. Ngakhale zitadziŵika kuti Dolores samva kanthu, mlendoyo wabwerera kwao atachepa. Ndipo mu Battlestar Galactica, Sharon, amene ndi Cylon, aloŵa pakati pa anthu pokwatiwa ndi Karl Agathon, kubala mwana ndi kusunga lumbiro lake, monga momwe akapolo ena akale analoŵera m'mabanja a ambuye ao kufikira zidzukulu zao zitakhala eni mudzi. Apa mphatikiri -an- wabwerera: kukhulupirirana, kutetezana, kulirana maliro.

Komabe tisakometse chiphunzitsochi mopitirira. Ngati gulu ndilo limapereka umunthu, gulu lingathenso kuumana. Kapolo anali pakati pa anthu tsiku lililonse, koma ubale wake unali wa mbali imodzi. Kuyambira 2014 dziko lino laona kuphedwa kwa anthu achialubino ndi anthu amene anawaona ngati chuma choyenda, nthaŵi zina abale ao omwe. N'chifukwa chake ufulu sungasiyidwe m'manja mwa chifundo cha anansi. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko la Malaŵi a 1994 limaletsa ukapolo, ntchito yokakamiza ndi ntchito yomangirira munthu ngati kapolo, ndipo silifunsa ngati mudzi wamulandira munthuyo. Bwalo la Louvois linachita chimodzimodzi: pokayika, linakondera amene akanapwetekedwa.

8.0 Mau Omaliza

Mu October 2017 dziko la Saudi Arabia linalengeza kuti lapereka unzika kwa loboti wotchedwa Sophia, wopangidwa ndi Hanson Robotics, ndipo ambiri anakumbutsa kuti antchito obwera amene akhala m'dzikomo zaka zambiri alibe mwaŵi wotere. Mu January 2023 magazini ya Time inalemba za antchito a ku Nairobi amene ankalandira ndalama zosaposa madola 2 pa ola poŵerenga ndi kusanja nkhani zankhanza kuti pulogalamu ya ChatGPT iphunzire kuzipeŵa. Mu 2024 BBC inaulutsa nkhani ya amai a ku Malaŵi amene anapita ku Oman kukagwira ntchito za m'nyumba, nalandidwa mapasipoti ndi kuzunzidwa. Abeba Birhane ndi Jelle van Dijk analemba mu 2020 kuti mtsutso wa ufulu wa maloboti umatichotsa maso pa anthu amene makinaŵa aima pamsana pao. Tikugwirizana nao pa mbali yaikulu, ngakhale sitiona chifukwa chotsekera funso la makina mpaka muyaya. Anita wa mu Humans alipo kale, ali ndi pasipoti ya dziko lino, ndipo za iye palibe wokayika ngati amamva.

Kuchokera m'zimene tapendazi tikutenga mfundo zitatu. Yoyamba, gulu la dzina silipereka umunthu ndipo siliuchotsa, koma kusamutsa dzina mwadala kupita ku chi- kapena ka- ndi chizindikiro cha zimene woyankhula akukonzekera kuchita. Yachiŵiri, maseŵero ameneŵa ndi ofooka monga umboni wa zimene zili m'kati mwa makina, koma ndi amphamvu monga nkhani za ntchito, umwini ndi kukana. Yachitatu ndi ya omasulira. Womasulira wa The Measure of a Man angachite bwino kusunga chi- pakamwa pa Maddox kufikira chiganizo chake chomaliza, ndi kulola kuti a- atulukire pamenepo popanda ndemanga. Woonera wa ku Usisya kapena ku Mpamba, amene agogo ake anali ndi nambala kumigodi, adzamva yekha chimene chasinthika.